Odi wa 10:42

Ntchito yanga ndi kufunsa kuti, "Ndani?"
Sindifunsa ndi pakamwa, amandifunsira makina,
timabokosi toyera tomatidwa kudenga
m'maofesi a kampani ya zombo kuno ku Valparaíso.
Foni ikati odi, timabokosito timati: onetsa chiphaso.
Wantchito ali ndi khomo lake, mlendo lakenso,
ndipo pakati pake ndinamangapo mpanda
woti ngakhale nyerere isowe podzera.

Lachitatu, chifunga chisanachoke padoko,
ndikuuzira khofi kuti azizire,
mzere umodzi unatsika pa sikirini:
10:42, h.maturana, chiphaso chabwino, walowa.

Heriberto Maturana tinamuika m'manda Loweruka.
Ndinaliko. Nkhata ya kampani ndinanyamula ndine.

Ndinayamba ndaganiza za mbala, ndiyo ntchito.
Ndinalondola phazi lake mumphepo:
kabokosi kachitatu, polandirira alendo.
Masitepe ndinawatsika awiriawiri.

Pampando panali mayi wa juzi yakuda,
chikwama chili pamiyendo.
Zulema, wodzasaina mapepala a penshoni.
Maricel wa pakauntala anali atamupatsa kale kapepala:
mlendo0417, mawu achinsinsi a zilembo zisanu ndi zitatu,
otha mphamvu ikamakwana 2 koloko.
Ankalemba ndi chala chimodzi,
kulakwitsa, kufufuta, kuyambiranso,
O ndi ziro zikumusokoneza,
pamene m'chikwamamo foni ya mwamuna wake,
imene ankaitchajabe usiku uliwonse,
inali itapereka kale moni, italandiridwa ndi manja awiri,
ikutsitsa makalata a zombo zochedwa.

Makina sapita kumaliro.
Palibe anawauza, ndipo wowauza ndinali ine.
Kalata yochokera ku ofesi yoona za antchito inafika Lolemba:
ndinaitsegula, ndinaitseka,
n'kupita kukalimbana ndi pulinta yosawonongeka.

Ndinamulozera ziro.
Anathokoza, nati akufuna kutumiza chithunzi cha fomu
kwa mwana wake ku Antofagasta.
Ine kukamwa kunali gwa.
Ndikanati chiyani? Kuti amuna anu abwera kuntchito,
timizere tawo tonse tinayi tadzaza?

Lamulo ndinalilemba ndekha:
munthu akachoka, chiphaso chife tsiku lomwelo.
Ndi lamulo labwino, sindilinyoza.
Foni imagwa m'basi, imagulitsidwa pamsika,
ndipo khomo losiyidwa pululu chifukwa cha chisoni
mbala siifunsa kuti analisiyiranji.

Ndinakwera, ndinakhala, khofi atazizira kale.
Ndinangoyang'ana dzinalo likuyenda m'nyumbamo:
nsanjika yachiwiri, kwa osunga ndalama,
kenako pakhonde pamene ankasutira fodya,
kenako pansi.
11:58, timizere titatu. Pachipata tiwiri.
Kamodzi kanakangamira mpaka pokwerera basi,
n'kuzima.

Pamenepo ndipo ndinasankha dzinalo, n'kudina kuti lichoke.
Makina sanandikhulupirire.
Anandifunsa inenso, mwini mpanda, kuti, "Ndani?"
Ndinalemba dzina langa.
Mawu achinsinsi ndinawaphonya kawiri,
kachitatu khomo linatseguka kuti nditseke la mnzanga.

Kunja makina onyamula katundu ankatsitsa makontena,
mbalame zam'nyanja zikukanganirana mutu wa nsomba.
Chiphaso cha Zulema sindinachikhudze:
itakwana 2 koloko chinafa chokha,
kapepala kake kali m'chikwama muja,
pambali pa foni imene mawa ikadzati odi
sipadzakhala woyankha.