Chipinda cha Kuseri, Mufakose

Mathireyi a mazira makumi asanu ndi limodzi
ndinawapempha ku Mbare
kwa mayi wina amene anafunsa ngati ndayamba kuweta nkhuku.
Ndinati ayi, ndikuweta mawu.
Anaseka mpaka kusokoneza tchenji.

Ndawakhoma pakhoma, kudenga, kuseri kwa chitseko.
Ena akadali ndi nthenga,
limodzi likununkhabe dzira losukusa.
Bulangete la pa ukwati wathu latseka zenera,
Nankhoma sanandikhululukirebe.

Magetsi kuno amabwera ngati mwamuna woledzera,
pakati pa usiku, osagogoda,
n'kuchokanso kusanache.
Ndiye ndimagona khutu lili tcheru.
Firiji ikangoyamba kung'ung'udza
ndadzambatuka kale,
ndikunyengerera kompyuta ya ku Magaba
ngati mwana wokana phala.

Lachisanu ndinali ku Chitungwiza, besi pamimba,
kuyambira chisisira mpaka zala kuchita matuza.
Mwini bala anawerenga mabotolo, osati nyimbo,
nati anthu sanamwe mokwanira.
Madola khumi ndi awiri, anthu asanu,
yanga ina yong'ambika
imene kondakitala wa kombi anaikana pamaso pa anthu.
Loweruka ukwati ku Borrowdale,
tinadyera kuseri kwa tenti, pafupi ndi jenereta.
Lamulungu kutchalitchi.
Kumeneko amalipira ndi madalitso.

M'zimenezi ndimo mwatuluka waya uyu,
maikolofoni iyi yomangidwa ndi mphira pakhosi,
sipika imodzi. Inzake ikubwera, yakhala ikubwera.

Bambo sankalowamo.
Zaka makumi atatu anasesa misewu ya kanselo,
ndipo kwa iwo gitala anali tsache la munthu waulesi.
Koma usiku wina chifuwa chitawakaniza tulo
anakankha chitseko, jekete pamwamba pa pijama,
nayang'ana mathireyi anga mmodzimmodzi
ngati akuwerenga ngongole.
Amvekere, ndiye fakitale yakoyo ndi imeneyi?

Ndinati khalani apa, nenani chilichonse,
ndingofuna kuyesa ngati ikugwira.
Anatsokomola. Anasuzumira m'maikolofoni
ngati muli munthu.
Kenaka, m'Chichewa chija ankachisunga m'sutikesi
pamodzi ndi chitupa chakale,
anayamba:
Linthipe. Dedza. Tete, pamene tinawoloka madzi ndi mantha.
Nyamapanda. Mutoko, pamene nsapato inatha.
Ndinali ndi Kamtedza, ndi Zakeyu mwana wa Chimombo,
ndi mng'ono wanga Faliyoti
amene anati akabwerera chaka chamawa...

Tambala wa Mai Gwatidzo analira kuseri kwa mpanda.
Firiji inazima.
Mdima.
Tinakhala choncho awiriwiri, osaonana,
ndikumva mpweya wawo ukukwera chitunda.
Anati, yajambula?
Ndinati kaya.
Anati, chabwino, sizinali zoti anthu amve.

Inajambula. Masekondi makumi anayi ndi atatu.

Tinawaika ku Mbudzi mwezi wa chisanu,
ndipo Lachisanu lake ndinali pa siteji,
chifukwa lendi sadziwa maliro.

Masiku ano kumabwera anyamata a zipewa zotembenuza,
makwaya a amayi, mlaliki wina wa mawu osasa.
Onse pempho ndi limodzi:
chotsamo phokoso, m'bale, imveke yoyera.
Ndimachotsa. Agalu, makombi, mwana wa neba,
mpando wolira, mpweya wa pakati pa mawu,
ndimasesa zonse mpaka mseu kuwala.
Ndine mwana wa bambo anga ndithu.

Koma ija sindiikhudza.
Chifuwa chilimo, tambala alimo,
ndi kampata kaja pambuyo pa dzina la Faliyoti
kamene sindidziwa chimene chinkabwera.
Tiyese akafunsa kuti kwathu n'kuti
ndimamuveka mahedifoni aakulu kuposa mutu wake,
n'kudikira naye magetsi.