Kugeyetsa Nyumba

Wiesław sanandisiyire kalata.
Anasiya timapepala tomata ndi tepi
pa mpope uliwonse m'chipinda cha pansi,
zilembo zake zopendekera ngati mpanda wakale:
"Uwu ndi wa madzi onse. Potozera kumanja, watseka."
"Uwu usaukhudze."
"Uwu ndi wa kumunda. Tseka Okutobala asanathe,
kenako utuluke ukatsegule wa panjawo,
madzi otsala atsanukemo. Akagona momwemo aundana,
ndipo madzi oundana sapempha malo, amang'amba."

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri
ndinkangomva kuti watsikira pansi:
kugogoda, kutukwana pang'ono, kenako nyumba n'kufunda.
Ndinkayesa kufunda n'chibadwa cha nyumba.

Chisanu cha ku Suwałki sichidziwa kuti muno munali maliro.
Chafika pa nthawi yake.
Usiku ladiyeta ya kuchipinda
inkalira m'mimba ngati yadya nyemba zosapsa,
pansi yotentha, pamwamba yozizira ngati chitsulo cha pageti.
Kapepala kake kanati: "Mpweya umenewo.
Zimitsa kaye boyila, dikira izizire.
Kakiyi kali m'chitini cha tiyi, pamodzi ndi mabatani.
Tenga nsanza ndi kapu. Potoza pang'ono.
Pang'ono, Bogusia, si chivundikiro cha botolo la nkhaka."

Ndinapotoza.
Tsiiii! Mpweya wa chaka chatha,
wa masiku amene iye ankapuma m'chipinda muno,
unatulukira pa kabowo konga ka singano
n'kundidutsa pa dzanja.
Kenako madzi akuda, onunkha dzimbiri. Ndinatseka.

Ndinageyetsa maladiyeta onse asanu ndi awiri,
kuyambira pansi kukwera m'mwamba,
monga ndinkachitira ndi Radek ali khanda,
dzanja pamsana, kudikira.
Ya kubafa inakana. Ndinaisiya.

Pa boyila pali kawotchi kosawerenga maola.
"Muvi ukhale pakati pa 1 ndi 2.
Ukatsika, onjezera madzi ndi kampope kakuda, maso ali pamuvi.
Ukatsikanso mawa lake, penapake pakudontha: itana Kazimierz.
Usamupatse vodika asanamalize."

Zina sanalembe, ndazidziwa ndekha.
Kuti mafuta a nkhumba okhuthulira m'sinki
amakagona pa chigongono cha paipi
n'kudikira tsiku la alendo.
Kuti kabelu kochenjeza za mpweya wakupha
sikadandaula masana batire likatha,
kamasankha pakati pa usiku.
Kuti paipi yodutsa pansi pa kazenera kosweka
nayonso imafuna chovala.
Linali Lamulungu, sitolo zotseka.
Ndinaikulunga ndi juzi yake yobiriwira,
ya zigamba m'zigongono ija,
n'kumanga ndi waya.

Jadwiga wa kutsidya kwa msewu sanatseke wake wa kumunda.
Lachinayi madzi anamulowera m'nyumba opanda odi.
Anabwera akuthamanga pachipale, ali m'masilipasi.
Ndinanyamula tochi ndi sipanala,
ndinagwada kuseri kwa matumba ake a mbatata,
ndinaupeza waukulu uja.
Kumanja.
Phokoso linatha.
Anandiyang'ana ngati ndayankhula chinenero chachilendo.
Madzulo ndinadula kapepala, ndinalemba ndi dzanja langa,
n'kukamumatira.

Usiku uno kunja kuli madigiri makumi awiri pansi pa ziro.
Ndasiya mpope wa kukhitchini ukudontha,
tho,
tho,
poti madzi oyenda sagwidwa msanga.
Ladiyeta yagogoda kawiri n'kukhala chete.
Ndayanikapo masokosi, anga okha.

Ya kubafa ikadali yozizira.
Kapepala kake kalibe mawu, koyera,
komata bwinobwino m'makona onse anayi.
Kaya anaiwala, kaya cholembera chinauma,
kaya ndi tsiku lija anakwera masitepe akupumira m'mwamba
n'kunena kuti palibe kanthu, ndi fumbi chabe.

Kakiyi ndakaika m'thumba la epuloni.
Mawa ndiyesanso.