Msonkhano wa Makolo, Sitandade 3

Ahedi anati tiwaitane madzulo
poti m'mawa onse amakhala ali ku esiteti.
Ndiye ndinasesa kalasi kawiri,
ndinawaza madzi kuti fumbi la Seputembala ligone,
ndinafufuta masamu pabolodi
n'kulembapo Takulandirani ndi choko chobwereka.

Anayamba kufika dzuwa litapendekera ku Thyolo,
phiri la Mulanje litafiira ngati njerwa yootcha.
Zala zawo zinali zakuda ndi utomoni wa tiyi,
ena majombo akadali kumapazi.
Anadzipanikiza m'madesiki a ana awo,
akuluakulu atatu desiki imodzi,
mawondo akugunda matabwa,
akudziseka okha.

Bambo Mulekano sanadikire pemphero.
Ndalama ya chitukuko ya chaka chatha ili kuti?
Chimbudzi chija chikadali dzenje.
Ndinasuzumira pakhomo, ahedi anali ku Sitandade 8.
Ndinati funsolo ndikalifikitsa.
Anati chaka chathanso linakafikitsidwa.

Mayi Nakhumwa anafunsa ngati ndimakwapula.
Ndinati ayi, analetsa.
Anawomba m'manja kamodzi: Vuto lake n'lomwelo!
Wangayo m'kwapuleni, chilolezo ndi chimenechi.

Kenako ndinawauza zanga.
Ana zana limodzi ndi khumi ndi anayi,
mabuku a Chichewa makumi awiri, ena opanda chikuto.
Tsiku la msika ku Limbuli
kalasi imatsala theka.
Anagwedeza mitu onse, mwaulemu,
koma tonse tinkadziwa
kuti tomato sadzigulitsa yekha.

Mdima unalowera pawindo lopanda galasi.
Ndinayatsa tochi ya pafoni,
ndinatsegula kaundula:
wodziwa kulemba alembe,
wosadziwa adinde chala.
Inki inasakanikirana ndi utomoni uja,
tsamba lonse linanunkha tiyi wamuwisi.

Atatha onse ndi pamene ndinamuona
kumbuyo, pakona pamene denga limadontha,
atavala jekete lalikulu, manja ake atapinda katatu.

Iwe Fanuwelo, uno ndi msonkhano wa makolo.

Ndabwerera Edina, madamu.

Ndinamuphunzitsa zaka zinayi zapitazo
m'kalasi yomweyi, pafupi ndi khomo.
Ankanyambita pensulo asanalembe.
Za bambo ake sindinafunse,
tonse tikukumbukira usiku umene napolo anatsika.
Amayi? Anawoloka Muloza mwezi wa Juni,
ku ganyu, ati abwera mvula ikayamba.

Anaima ngati momwe anaimira Bambo Mulekano,
dzanja limodzi padesiki.
Akufunika makope angati?
Anayi, ndinatero.
Anawerenga ndi milomo, osatulutsa mawu.
Nanga amawerenga bwino?
Kunyumba amangoyang'ana zithunzi.

Ndinati amayesetsa.
Sindinamuuze kuti Edina amagona ikamakwana teni,
kuti tsiku la phala ndi limene amakweza dzanja.

Nanga iwe? Sitandade 7 sindinakuoneko.

Anayang'ana panja
pamene njinga ya kabaza inatsamira mtengo wa mapeyala.
Ndi ya eni, madamu.
Ndikaibweze isanakwane seveni.

Ndinali ndi mawu ambiri,
omwe aja tinaphunzira ku koleji,
omwe aja ali pachikwangwani cha kumsewu.
Onse anandikakamira pakhosi.
Ndinangomupatsa cholembera.

Anachinyambita.
Pansi pa mutu woti Kholo kapena Womulera
analemba pang'onopang'ono, molunjika mzere,
F wake wa mchira wautali
amene ndinalimbana naye teremu yathunthu
osatheka.

Ndinakhoma kalasi, kiyi anavuta monga mwa masiku onse.
Kumusi, m'kanjira kodutsa m'minda ya tiyi,
belu la njinga linalira kawiri.
Kunyumba ndinatsegula kabati
kufuna makope otsala a mwana wanga.
Ndinapeza atatu.
Limodzi linali lolembedwa kale masamba asanu,
ndinawang'amba bwinobwino, potsata ulusi.