Umboni wa Mtengo wa Mandimu

Lolemba ku Valparaíso. Chikepe chakale chikundikweza phiri,
chikulira ngati mawondo a nkhalamba.
M'chikwama muli mlandu wa Nibaldo Ossandón,
masamba asanu ndi awiri okha, onse onunkha utsi.

Moto unadya nyumba yake usiku umodzi.
Unadya bedi, wailesi, suti ya ukwati,
unadyanso malisiti a madzi a zaka makumi atatu
amene ankasunga m'chitini cha mabisiketi.
Tsopano kampani yomanga nyumba zosanja ikuti malowo ndi ake.
Ili ndi pepala. Pepalalo lili ndi chidindo.

Kusukulu ya zamalamulo anatiphunzitsa kuti
chosalembedwa sichinachitike.
Mayeso amenewo ndinakhoza bwino kwambiri.

Iye wandidikira paphulusa, chipewa kumanja,
manja amene anatsitsa katundu padoko mpaka msana unakana.
"A loya," akutero, "kodi munthu amatsimikiza bwanji
kuti anakhalapo?"
Ndikutsegula pakamwa kuti nditchule ndime ya lamulo,
mawu akukanirira pakhosi.

Kuseri kwa malata opindika kuli mtengo wa mandimu,
mbali ina yakuda bii, inayo ikuphukira.
Anaudzala chaka chimene Marisol anabadwa.
Marisol lero ndi namwino ku Antofagasta,
ali ndi ana awiri, ndi imvi imodzi imene amaibisa.

Ndikuyeza thunthu ndi lamba wa chikwama changa.
Ndikuimbira foni katswiri wa mitengo wa ku yunivesite
amene ndinamuimira banja lake likutha,
mpaka pano sanandilipire.

Lachinayi m'khoti, loya wa kampani, nsapato zili waliwali,
akuseka: "Kodi tsopano tiyamba kulumbiritsa mitengo?"
Woweruza sakuseka. Akuvula magalasi,
akuyang'ana chithunzicho kwa nthawi,
kenako akuti tidzabwerenso mwezi wamawa.

Sitinapambane, sitinagonje.
Nthawi zambiri ntchito yanga ndi yomweyi:
kumupemphera munthu masabata anayi
oti agonebe pamene amagona.

Madzulo patebulo la mu ofesi ndapeza kajumbo,
muli mandimu asanu ndi limodzi, awiri owauka khungu.
Malamulo a ntchito yathu amanena zambiri pa nkhani ya mphatso.
Ndadula limodzi, ndafinyira mu tiyi.
Likuwawasa mpaka m'makutu.
Ndakoka fayilo ina, ya mayi wogulitsa nsomba
amene galu wake analuma wapolisi.