Kabowo ka pa Chitsekerero

Anafika akuikankha, iye ndi mdzukulu wake,
pa msewu wochokera ku Challapata,
mphepo ya kuchigwa cha mchere itawang'amba milomo.
Kumbuyo kuli matumba asanu ndi awiri a mbatata,
pampando chikopa cha lama chothothoka ubweya.

"Imanyamuka bwinobwino," anatero Hilarión,
"kenako pachitunda imayamba kutsokomola,
ndikaponda moto imangonjenjemera,
basi zii.
Ndikakhala pamwala n'kuitukwana mokwanira
imaliranso ngati sinalakwe kanthu."

Mayi Fortunata sanayankhe.
Zaka makumi atatu za m'galaja muno
zinawaphunzitsa kuti mwini galimoto sanama,
amangoyambira nkhani pakati.

Ine, wa miyezi inayi pantchito,
ndinathamangira mapulagi.
Onse anayi ouma, ofiirira ngati buledi wopsa bwino.
Ndinati mwina ndi mapiri ano,
mpweya ngochepa, ngakhale ife timapuma mobanika.
"Yakwera mapiri amenewa usanabadwe," anatero Mayi,
"lero ndiye yadziwa kuti ngaatali?"

Sefa ya mafuta ndinaiuzira, inalola.
Waya wa koyilo anandiluma chala: moto ulipo.
Mtima wanga unali utagamula kale pampu,
mtengo wake ndikuwonkhetsa m'mutu.

"Tiyeni tikayende nayo."

Makilomita khumi ndi awiri, pokwera pamlatho wouma,
inatsokomola kawiri, n'kufa.
Ndinagwira boneti. Mayi anandiletsa ndi diso,
anazungulira kumbuyo,
khutu pafupi ndi chitsulo,
n'kupotokola chitsekerero cha thanki.

Fyuuu!
Thanki inakoka mpweya
ngati munthu wovuulidwa m'madzi.

Kunsi kwa chitsekererocho kunali kachidutswa ka chubu,
kodulidwa mozungulira ndi dzanja losamala,
katatseka kabowo kosaposa diso la singano.

Hilarión anavula chipewa, n'kuchivalanso.
"Fungo la petulo linkamuchititsa nseru
tikamapita kuchipatala ku Oruro.
Ndinatseka mu Meyi.
Nthawiyo tinkaimaima kuti apume,
ndiye sindinazindikire.
Anatisiya mu Julaye."

Mdzukulu anayang'ana nsapato zake.
Mphepo inapitiriza zake.

"Mafuta akamatuluka," Mayi anatero motsitsa mawu,
"pamalo pake payenera kulowa mpweya.
Mukakaniza, pampu imakoka mpaka kutopa."
Anachotsa kachubuko ndi chikhadabo chakuda
n'kukaika m'dzanja la mwini wake.
Ndinkayesa akataya m'ngalande.
Anakapukuta pa buluku,
n'kukalowetsa m'thumba la malaya, la kumanzere.

Pobwerera injini inakwera chitunda osadandaula,
kafungo ka petulo kakulowera pazenera,
ndipo palibe anatseka galasi.

Mayi anamulipiritsa ola limodzi lokha.
Maola awiri a mapulagi ndi sefa
anati ndi sukulu yanga,
ndipo sipanala ya teni imene ndinaiiwala pamlatho
ndikaitenge ndekha, wapansi, dzuwa lisanalowe.