Vwende

Zaka khumi ndi zinayi pa Mbare Musika
ndakhala ndikugogoda mavwende ndi chala,
khutu pafupi,
kumva lakupsa, kumva losakhwima,
osalidula.

Lero wogogodedwa ndine,
chagada pabedi ku Parirenyatwa,
bulauzi pampando.
Mtsikana wa yunifomu, Rumbidzai dzina pachifuwa,
wandipaka mafuta ozizira ngati mame a mu Juni,
nayendetsa kachipangizo pansi pa bere lamanzere
pomwe kachotupa kanamera osaodira.

Akuti kakulira, kachipangizoka,
koma kulira kwake ngwa mleme,
khutu la munthu silifikako.
Mawu alowa m'mnofu, agunda, abwerera
kudzaulula zomwe apeza.

Pagalasi pali mitambo ya phulusa.
Pakati pake kadziwe kakuda bii,
kozungulira, kosalala m'mbali.

"Chikanakhala cholimba, amayi, chikanatuwa mkati,
mwina chikanagwetsa mthunzi kunsi kwake.
Awa akuoneka madzi."
Wanena m'Chishona,
mtima wanga wamva m'Chichewa cha malemu mayi.

Ndapukuta mafuta, manja akunjenjemera.
Adokotala ndiwaona Lachinayi.

M'kombi ya ku Mufakose
ndadzigogoda pachifuwa, kawiri, mobisa,
kuti ndimve ndekha.