Kope la Msungichuma

Anandisankha chifukwa ndimagwira pa sikelo.
Ati munthu woyeza masamba a tiyi tsiku lonse
sangasochere m'manambala a ukwati wa mlongo wake.
Ndinalandira kope la masamba makumi anayi
ndi bolopeni ya Ferista, yotafunidwa kumutu.

Tsamba loyamba ndi la malonjezo.
Amalume a ku Limbe: zikwi zana limodzi,
ananena ataimirira, dzanja lili pamtima, anthu n'kuwomba m'manja.
Azakhali a ku Goliati: mbuzi, ikabereka.
Anzake a mkwati, a kabaza: chikwi chikwi, pompopompo,
ndalama zofunda ndi thukuta la m'thumba.
Mwa zonsezi, za kabaza zokha ndizo ndinazikhudza.

Lachiwiri ndi la zofuna za mtima.
Ferista akufuna holo ya matailosi ku Luchenza,
keke ya nsanjika zinayi,
galimoto yoyera yoti ikamadutsa pa Thunga anthu azicheuka.
Lakisoni akungoti, "Mmene mwaoneramo, alamu,"
mawu odula kuposa keke.

Loweruka ndinakafunsa mitengo ku Bvumbwe.
Kabichi anandilonjera bwino.
Tomato anandiyang'ana ngati sitidziwana.
Pofika pa mafuta ophikira ndinavula chipewa
monga tichitira podutsa pa siwa.

Usiku, tochi ili pakamwa, ndinayamba kuthyola.
Kumunda timatenga masamba awiri ndi kansonga,
zina zonse timasiyira mtengo.
Holo ndinaidula. Bwalo la tchalitchi lilipo,
ndi tenti ya bungwe la maliro
yomwe sifunsa kuti misoziyi ndi ya chiyani.
Keke inatsika nsanjika ziwiri.
Galimoto inasanduka yotuwa, ya makaniko wa ku fakitale,
bola tithire mafuta.
Jenereta yokha ndinaikakamira, ngakhale komiti inandinena.
Ferista sanandilankhule masiku asanu ndi anayi.
Ndinawawerenga. Kuwerenga ndiyo ntchito yanga.

Kenaka foni ya amalume inadwala.
Mbuzi inabereka, koma ati mwana akuyamwabe.
Wa katapila anandipeza yekha pa sikelo, mano onse panja:
"Ndamva kwanu kuli chisangalalo."
Ndinati mlongo wanga sakalowa m'banja
atabereka ngongole kumsana ngati dengu la tiyi.
Ndinanena molimba, mawondo akugundana,
pakuti mpunga unali usanagulidwe.

Amayi anabwera ndikutsuka m'kamwa m'mawa.
Anamasula mfundo ya chitenje pang'onopang'ono:
za kubanki mkhonde, zija ankasungira malata
a chipinda chodontha kumutu kwa bedi.
"Usalembe," anatero.
Msungichuma salandira chinthu osalemba.
Ndinatenga pensulo: Munthu wina.

Pa tsikulo chiperoni chinatsika osaitanidwa.
Magetsi anathima mkwatibwi akulowa kumene,
jenereta n'kutsokomola kawiri, n'kugwira,
ndipo ndinayang'ana a komiti mmodzimmodzi.
Amalume anafika ndithu, suti yonyezimira,
atasinthitsa timafifite kwacha,
akuponya kamodzikamodzi pa perekaniperekani
kuti nyimbo italike, kamera iwapeze.
Ine sindinavine. Ndinali pansi ndi beseni,
kutola ndalama m'matope, pakati pa zidendene.

Tsopano anthu apita. Ndayanika ndalama pa mphasa
ngati masamba ofota ku fakitale.
Wa zoimbira walipidwa, mabotolo abwerera m'makireti,
awiri asweka, ndalemba.
Ferista walowa wopanda nsapato, velo ili paphewa,
kachidutswa ka keke kali m'kapepala.
"Zatsala zingati, achimwene?"
Zokwana malata atatu, mwina ndi misomali.

Wavundukula kope, chala chikutsika ndi mzere,
chadutsa amalume, chadutsa mbuzi,
chaima pa pensulo paja.
Sanafunse.
Wangotenga bolopeni yake yotafunidwa
n'kulembapo dzina lonse, ndi la kwawo lomwe,
mwamphamvu, mpaka laonekera kuseri kwa tsamba.